Chitini Chopopera Chitalikirane ndi Moto

Kuyambira pamene dziko lino linalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1964, Boma lakhala likulimbana ndi adani atatu amene amasautsa munthu wa kumudzi: umphawi, umbuli ndi matenda. Pa nkhondo imeneyi zambiri zapindulidwa. Katundu amene kale ankapezeka m'masitolo akuluakulu a mu Blantyre ndi Limbe okha, lero akugulitsidwa m'maokala ndi m'misika ya kumudzi, ngakhale kumadera a kumalire monga kwa Mfumu Chapananga m'boma la Chikwawa. Ichi ndi chitukuko, ndipo nchoyenera kuchiyamikira. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Katundu wina akafika m'mudzi wopanda malangizo ake, amasanduka chida chovulaza anthu omwewo amene anayenera kuwathandiza.

Mmodzi mwa katundu wotere ndi chitini chopopera. Chilipo cha mankhwala ophera udzudzu ndi mphemvu, chimene anthu ambiri amangochitcha Doom potengera dzina la mtundu umodzi wodziwika. Chilipo cha mafuta onunkhira odzithira m'thupi. Chilipo cha penti wopopera njinga, mafelemu a mazenera ndi zitseko. Chiliponso cha mankhwala opopera pa zilonda za ng'ombe ndi mbuzi. Zitini zonsezi, ngakhale ntchito zake nzosiyana, zili ndi khalidwe limodzi: zikatenthedwa zimaphulika, ndipo mpweya wa m'kati mwa zambiri mwa izo umayaka. Chitini chimene chaleka kupopera, chimene mwini wake akuti chatha, nachonso chimaphulika. Mfundo imeneyi ndi yaifupi, koma mtsogoleri aliyense wa Chipani ndi wogwira ntchito m'Boma aliyense ayenera kuimvetsa bwino, kuti akathe kuifotokoza kwa anthu amene amawatumikira.

Nkhaniyi ikukhudza dziko lonse, koma kwa Chapananga ndi m'chigwa chonse cha Shire ikukula pa zifukwa zitatu. Choyamba ndi udzudzu. Chigwachi nchodziwika ndi malungo, ndipo maboma a Chikwawa ndi Nsanje anali m'gulu la maboma amene anayamba kupereka katemera wa malungo kwa ana m'chaka cha 2019. Banja limene lapeza kangachepe pogulitsa thonje, chitowe kapena mbuzi silichedwa kugula chitini cha mankhwala kuti ana agone tulo. Chachiwiri ndi kutentha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha m'chigwachi kumatha kupitirira madigiri 40 ngakhale pamthunzi. Chachitatu ndi moto. Pafupifupi khomo lililonse limaphika pa mafuwa kapena pa mbaula, nyumba zambiri ndi nkhokwe nzofoleredwa ndi udzu, ndipo zinyalala zikachuluka pabwalo, njira yake ndi kuzisonkhanitsa ndi kuzitentha. Motero chitini, dzuwa ndi moto zikukhalira limodzi pakhomo tsiku ndi tsiku.

Kuti ngoziyi imveke bwino, nkofunika kudziwa kumene chitini chimenechi chinachokera. Amene anayamba kulembetsa luso lopanga chitini chopopera anali Erik Rotheim, katswiri wa ku Norway. M'chaka cha 1941, akatswiri awiri ogwira ntchito mu unduna wa zaulimi ku America, Lyle Goodhue ndi William Sullivan, anakonza kachitini kophera udzudzu kamene asilikali a dzikolo anakagwiritsa ntchito pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, m'madera amene malungo ankawagwetsa kwambiri. Tsono chitini chopopera chinatchuka chifukwa cha mdani yemweyo amene akuvutitsa anthu a kwa Chapananga lero. Cholinga chake nchabwino, ndipo palibe chifukwa chochida.

Chimene chinasintha ndi mpweya wokankha mankhwala. Kwa zaka zambiri, opanga zitini ankagwiritsa ntchito gasi wotchedwa CFC, amene sayaka. M'chaka cha 1974, akatswiri awiri, Mario Molina ndi Sherwood Rowland, anaonetsa kuti gasi ameneyu amaononga mpweya wa ozone, umene uli kumwamba ndipo umatchinjiriza dziko ku ukali wa dzuwa. M'chaka cha 1987 maiko anachita pangano mu mzinda wa Montreal ku Canada, loti gasi wotere asiyidwe pang'onopang'ono. M'malo mwake, zitini zambiri za lero zimadzazidwa ndi gasi wa butane ndi propane. Ameneyu ndi gasi yemweyo amene anthu a m'tauni amagula m'masilinda kuti aziphikira. Munthu wanzeru sangaike silinda ya gasi pa mbaula. Koma munthu yemweyo amaponya chitini chopopera pamoto, osadziwa kuti m'katimo muli chinthu chimodzimodzi.

M'chitini, gasi amapanikizidwa mpaka kusanduka ngati madzi. Ndi amene amamveka m'katimo, pamodzi ndi mankhwala, munthu akachigwedeza. Pamwamba pa madziwo pamakhala gasi wina amene amakankha makoma a chitini mbali zonse, usana ndi usiku. Munthu akadina kabatani ka pamwamba, mphamvu imeneyi imatulutsa mankhwala mothamanga ngati nkhungu. Chitini chikaleka kupopera, kawirikawiri chimene chachitika nchakuti mankhwala achepa kapena kabowo kake katsekeka. Gasi amakhala akadalimo, ngakhale wochepa. Ichi ndicho chifukwa chake opanga zitinizi amalemba chenjezo lakuti chitini chisabooledwe kapena kutenthedwa ngakhale chitatha, ndiponso kuti chisasiyidwe pa malo otentha kupitirira madigiri 50.

Chiwerengero chimenechi sichinalembedwe mwachibwana. Gasi wa butane akatenthedwa kuchoka pa madigiri 20 kufika pa madigiri 50, mphamvu yake yokankha imawirikiza kawiri ndi kupitirirapo. Akafika pa madigiri 100, pamene madzi amawira, mphamvuyo imakhala itawirikiza pafupifupi kasanu ndi kawiri. Moto wa nkhuni kapena makala umafika madigiri mazana angapo, ndipo chitsulo cha chitini nchopyapyala, sichingapirire. Kwa Chapananga, kumene pamthunzi pomwe pamafika madigiri 40, mtunda wotsala kuti malire a chenjezo akwane ndi waufupi zedi. Chitini chosiyidwa pa zenera lolowa dzuwa, pansi penipeni pa denga la malata, pa benchi la wogulitsa pamsika masana, kapena kutsogolo kwa galimoto yotsekedwa magalasi, chikhoza kupitirira madigiri 50 popanda munthu kuyatsa machesi.

Chitini chikaphulika, ngozi zake zimabwera ziwiri nthawi imodzi. Yoyamba ndi chitsulo: chimang'ambika, ndipo zidutswa zake, kapena chitini chonse, zimauluka ndi liwiro lotha kuboola diso kapena kung'amba nkhope. Yachiwiri ndi moto: gasi yense amatuluka kamodzi, nayaka ngati mpira waukulu wa malawi umene umagwira zovala, tsitsi, neti yotchinga udzudzu ndi udzu wa padenga. Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Gasi ameneyu ngolemera kuposa mpweya umene anthu amapuma, kotero sakwera kumwamba ngati utsi, koma amatsika ndi kuyala pansi. Magawo awiri okha a gasi pa magawo 100 a mpweya ngokwanira kuyaka akakumana ndi lawi. Ndipo m'nyumba ya kumudzi, pansi pomwepo mpamene pamakhala mbaula, koloboyi, kandulo, koyilo yofukizira udzudzu ndi mphasa ya ana.

Asaganize wina kuti ngozi zotere zimagwera anthu osaphunzira okha. Pa 16 Disembala 2018, mu mzinda wa Sapporo ku Japan, ogwira ntchito mu ofesi ina yoona za nyumba zobwereketsa anafuna kutaya zitini zopopera zonunkhiritsa zoposa 100. Anatulutsa mpweya wake wonse ali m'chipinda chotseka, kenaka mmodzi wa iwo anayatsa makina otenthetsera madzi kuti asambe m'manja. Kuphulika kumene kunatsatira kunagwetsa ofesiyo, kunaononga nyumba yodyeramo yoyandikana nayo, ndipo anthu oposa 40 anavulala. Zimenezi zinachitika m'dziko lotukuka, lokhala ndi magalimoto ozimitsa moto ndi zipatala pafupi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pali zizolowezi zingapo zimene ziyenera kutha. Choyamba ndi kuwotha chitini. Ena chikayamba kufooka amachiika padzuwa, pafupi ndi mafuwa kapena m'madzi owira, poti mankhwala otsala atuluke onse. Amisiri ena opopera penti amachita chimodzimodzi pofuna kuti penti atuluke mwamphamvu. Nzoona kuti chitini chotenthedwa chimapopera mwamphamvu. Koma mphamvu imeneyo ndi yomweyo imene imang'amba chitsulo, ndipo palibe munthu amene angaone ndi maso kuti malire afika. Chachiwiri ndi kutaya chitini padzala. Mayi amasesa pabwalo m'mawa, nasonkhanitsa masamba, mapepala ndi zitini, nayatsa moto; ana amaima mozungulira, ndipo nkhope zawo zimakhala pa msinkhu womwewo umene zidutswa za chitsulo zimadutsa. Chitini chotayidwa kuthengo nachonso chimadikira nyengo yotentha tchire ndi kusosa m'minda.

Chachitatu ndi masewera a anyamata. Alipo amene amatola zitini dala ndi kuziponya pamoto kuti amve kulira kwake, makamaka pa nyengo ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano. Alipo amene amapopera mankhwala pa lawi la machesi kuti atulutse moto wautali, ena amati akutentha nsikidzi pa bedi kapena mavu pakhonde. Ameneyu si mchitidwe wa mwana woleredwa ndi mwambo, ndipo kholo limene limauona nkungoseka likulakwira mwana wake ndi mudzi wonse. Chachinayi ndi kuboola chitini. Amalawi ndi anthu osamala zinthu, ndipo sataya chitini chimene chingagwire ntchito ina. Cha mkaka chimasanduka choyezera, china chimasanduka koloboyi, china matayala a galimoto ya mawaya ya mwana. Khalidwe limeneli nlabwino, koma chitini chopopera chili kunja kwa lamuloli. Msomali, mpeni kapena nyundo zikhoza kuthetheka pa chitsulo pa nthawi yomwe gasi akutuluka, ndipo chitini chimene chinasunga mankhwala ophera tizilombo sichiyenera kusunga mchere, madzi kapena chakudya.

Alipo amene anganene kuti malangizo otere ngosavuta kwa munthu wolandira malipiro pa mwezi, pamene mlimi amene wagula chitini ndi ndalama ya thukuta sangalole kuchitaya chikadali ndi kanthu m'kati. Dandaulo limeneli nlomveka ndipo siliyenera kunyozedwa. Koma njira yopulumutsira mankhwala otsala ilipo, ndipo sifuna moto. Chitini chigwedezedwe bwino chisanagwiritsidwe ntchito, ndipo chigwiridwe choimirira, chifukwa chikazondotsedwa chimataya gasi ndi kusiya mankhwala. Ngati kabowo katsekeka, kabatani kazulidwe, katsukidwe pakokha m'madzi ofunda, kaumitsidwe, nkubwezeredwa. Singano kapena waya zisalowetsedwe m'kamwa mwa chitini. Zikakanika apo, chotsalacho nchochepa kwambiri pochiyerekeza ndi diso la mwana, kapena nkhokwe ya mapira a chaka chonse. Kusamala ndalama kumene kumathera pa kutentha nyumba si kusamala ayi.

Chinanso chimene anthu a kwa Chapananga ayenera kukumbukira ndi kutalika kwa thandizo. Zipatala zazing'ono monga cha Chapananga, cha Gaga ndi cha Changoima zimapereka thandizo loyamba, koma munthu amene wapsa kwambiri amafunika kutumizidwa ku chipatala cha boma ku Chikwawa, ndipo nthawi zina mpaka ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mu Blantyre, kumene kuli chigawo cha anthu opsa ndi moto. Ulendo umenewu si wapafupi, ndipo m'nyengo ya mvula mtsinje wa Mwanza umadzaza. Anthu a m'derali sanaiwale mmene madzi osefukira a namondwe wa Ana anaonongera mlatho wa Chapananga mu Januwale 2022, ndi mmene namondwe wa Freddy anadulira misewu ya m'chigwa mu Malichi 2023. Nyengo imene udzudzu umachuluka ndi zitini kugulidwa kwambiri, ndi yomweyonso imene njira ya kuchipatala imavuta. Kumalo kotere kupewa kumaposa kuchiza koposa kwina kulikonse.

Nanga chifukwa chiyani chenjezo lolembedwa pa chitini silinathetse vutoli? Yankho lake nlapoyera. Mau amenewa amalembedwa m'Chingerezi, m'zilembo zing'onozing'ono, kumbuyo kwa chitini; ndipo pa katundu wina wolowa kuchokera ku Mozambique, dziko lochita malire ndi dera la Chapananga, amakhala m'Chipwitikizi. Mayi amene amapopera m'nyumba madzulo, ndi mwana amene amatumidwa kukatentha zinyalala, ambiri sawerenga zinenero zimenezi. Chenjezo limene silinafike m'khutu la mwini ngozi lili ngati silinaperekedwe. Pamenepa mpamene pagona udindo wa atsogoleri. Chimene zilembo zalephera kuchita, pakamwa pa mtsogoleri payenera kuchita, m'Chichewa, m'Chimang'anja ndi m'Chisena.

Apampando a Chipani m'nthambi, m'madera ndi pa boma, pamodzi ndi atsogoleri a amayi ndi a achinyamata, ayenera kupatula mphindi zochepa pa msonkhano uliwonse kuti anene za nkhaniyi, atanyamula chitini m'manja kuti anthu aone chimene chikunenedwa. Mafumu, magulupu ndi nyakwawa akhazikitse lamulo la m'mudzi loletsa kutaya zitini zopopera padzala. Alangizi a zaumoyo, pamene akuphunzitsa za maneti ndi katemera, aonjezerepo phunziro limeneli. Alangizi a zaulimi ndi a ziweto achite chimodzimodzi kwa alimi a thonje ndi oweta ng'ombe. Aphunzitsi alifotokoze pamzere wa m'mawa, makamaka sukulu zisanatsekere tchuthi cha Khirisimasi. Eni maokala ndi ogulitsa m'misika asunge zitini pamthunzi, ndipo amuuze wogula aliyense mau awiri a chenjezo popereka katundu.

Mabungwe a Boma nawo ali ndi gawo lawo. Bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, ndi bungwe loyang'anira mankhwala ophera tizilombo la Pesticides Control Board, lokhazikitsidwa potsatira lamulo la chaka cha 2000, aganizirepo zoti chitini chilichonse chogulitsidwa m'dziko muno chikhale ndi chenjezo la m'Chichewa, m'zilembo zazikulu, ndi chithunzi cha moto chimene ngakhale wosadziwa kuwerenga angachimve. Khonsolo ya boma la Chikwawa ikonze malo apadera otayirapo zitini zotere m'misika. Ndipo ogwira ntchito m'Boma, amene ndiwo amagula zitini zambiri chifukwa cha malipiro awo, ayambe ndi pakhomo pawo. Sizipereka chitsanzo chabwino kuti kuseri kwa nyumba ya mphunzitsi, wapolisi kapena mlangizi ndiko kumene ana a m'mudzi amakatola zitini zokaseweretsa pamoto.

Malangizo oyenera kuperekedwa ndi ochepa ndipo ngosavuta kuloweza. Chitini chisungidwe pamalo ozizira ndi ouma, kutali ndi khitchini, dzuwa ndi manja a ana. Asanapopere, munthu azimitse koloboyi, kandulo, koyilo ndi fodya, atulutse mbaula, avindikire chakudya ndi madzi akumwa, ndipo ana atuluke. Akatha kupopera atuluke nayenso, ndipo pobwerera atsegule zitseko ndi mazenera kuti mpweya upite asanayatse moto uliwonse. Chitini chikatha chisaponyedwe pamoto, chisabooledwe, chisaphwanyidwe ndi mwala. Kumene kulibe malo otayira okonzedwa ndi khonsolo, chikwiriridwe m'dzenje lakuya lapadera, kutali ndi chitsime, mjigo ndi mtsinje, pamalo pamene sipayatsidwa moto.

Ngozi ikachitika, anthu asataye nthawi ndi zithandizo zoipitsa chilonda. Amene zovala zake zagwira moto asathamange; agwe pansi ndi kugubuduzika, kapena afunditsidwe bulangete lochindikala. Popsapo pathiridwe madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, ndipo mphete ndi zibangili zivulidwe malowo asanatupe. Nsalu imene yamatirira pa khungu isasuntheko. Mazira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira, dothi ndi ndowe zisapakidwe, ndipo matuza asabooledwe. Chilonda chiphimbidwe ndi nsalu yoyera, ndipo wovulalayo apititsidwe kuchipatala msanga, makamaka ngati ndi mwana, kapena ngati wapsa kumaso, m'manja kapena malo aakulu a thupi.

Boma likhoza kumanga zipatala, kugawa maneti ndi kukonza milatho, koma silingaime pa dzala la khomo lililonse pamene moto ukuyatsidwa. Ntchito imeneyo ndi ya kholo, ya mfumu ndi ya mtsogoleri wa nthambi amene amakhala ndi anthu m'mudzi momwemo. Chakudza sichiimba ng'oma. Chitini chotenthedwa sichichenjeza chisanaphulike. Nchifukwa chake uthengawu usadikire kuti mudzi uyambe wasonkhana pa maliro kapena pa phulusa la nyumba. Mtsogoleri aliyense kwa Chapananga, m'chigwa chonse cha Shire ndi m'dziko lonse la Malawi, aufikitse kwa anthu ake nyengo yotentha isanafike pachimake: chitini chopopera, chodzaza kapena chotha, chitalikirane ndi moto.